TV yogulira makolo muziyamba kuiona kumbuyo

Mukafuna kugulira makolo kapena agogo TV yotsika mtengo, musatengeke ndi chithunzi chowala cha m'sitolo. Kumeneko amaiika pa Store Mode, kuwala kokwezedwa dala kuti kukope maso. Ine ndimati itembenuzeni kaye, muone kumbuyo.

Werengani mabowo a HDMI, olowetsamo waya wobweretsa chithunzi ndi mawu. Zambiri zotchipa zimakhala ndi awiri okha, ndipo limodzi likhala la dekoda. Ngati akuluakuluwo akadali ndi DVD yakale ya mawaya atatu aja, wofiira, woyera ndi wachikasu, onetsetsani kuti polowetsa pake palipo, poti ma TV ambiri atsopano alibe. Funaninso bowo lolembedwa ARC. Ma TV opyapyalawa masipika ake ndi ang'onoang'ono, kawirikawiri oloza pansi, moti munthu wamkulu amamva nyimbo koma zolankhula osazigwira. Bowo la ARC limeneli ndi lomwe mudzalumikizepo soundbar, sipika yaitali yapadera, ndalama ikadzapezeka.

Za 4K, chithunzi chooneka bwino kwambiri chija, zisakupweteketseni mutu. Pa TV ya mainchesi 43, munthu atakhala mamita 3 kuchokera pomwe ili, kusiyana kwa 4K ndi Full HD ya 1920 x 1080 sikuoneka kwenikweni, komanso matchanelo ambiri saulutsa n'komwe mu 4K. Ya smart nayo, ngati pakhomopo palibe intaneti, mwalipirira chinthu chongokhala.

Koma pomwe ambirife timalakwitsa ndi polumikiza. Timabaya mawaya, chithunzi chatuluka, basi tanyamuka, kuwasiyira anthu marimoti awiri. Mawa mdzukulu wadina Source, TV yalemba No Signal, ndiye mulandire foni yoti “chinthu chanu chija chafa”. Sichinafe ayi, changochoka pa HDMI 1. Lowani mu settings muyatse HDMI-CEC, yomwe imathandiza TV ndi dekoda kumvera rimoti imodzi. Samsung amaitcha Anynet+, LG amati SimpLink, Sony amati Bravia Sync, ndipo makampani ena ali ndi mayina awoawo. Dekoda ikakhala yogwirizana nazo, rimoti imodzi imayatsa zonse ziwiri. Ikakana, lembani pakapepala batani loyenera kudina, mumate kumbuyo kwa rimoti. Pulagi yoteteza ku magetsi obwera mwamphamvu musaiwale, TV yotchipa sichedwa kupsa.

Musanatsanzike, apatseni rimotiyo amayi kapena abambo. Ayatse okha, asinthe tchanelo, akweze mawu, azimitse, inu manja ali m'thumba. Akakodwa penapake, konzani pomwepo musanatuluke.