VPN ikakana pa Linux, werengani log musanafufute kompyuta

Abale anga a kuno ku Joni amene muli pa Ubuntu, Mint kapena Fedora, nkhani iyi ndi yanu. VPN, njira yobisa imene imalumikiza kompyuta yanu ku seva ya kwina monga ya kuntchito, ikangokana kulumikiza, ambiri amafulumira kuweruza kuti Linux ndi yovuta, mawa lake laputopu ili m'chikwama ulendo wa m'tawuni kwa amisiri kuti akaifufute n'kuikamo Windows. Maganizo anga ndi akuti kumeneko n'kugwetsa nyumba chifukwa choti loko wavuta. Nthawi zambiri Linux imakhala ilibe mlandu, ndipo imakhala italemba kale chimene chalakwika. Vuto n'loti ife timangoyang'ana kauthenga kapamwamba pa sikirini kakuti "Activation of network connection failed", kamene sikafotokoza kalikonse, n'kusiya log, kaundula wa kompyuta mmene nkhani yonse yalembedwa.

Musanaikhudze n'komwe VPN, tsimikizani kuti intaneti ilipo. Zikumveka ngati zachibwana, koma kuno magetsi akathima n'kuyakanso, rauta imadzuka msanga kuposa kabokosi ka faiba kapakhoma kaja, ndiye chizindikiro cha Wi-Fi chimaoneka chodzaza pamene kunja sikukupita kanthu. Tsekulani terminal, zenera lolembamo malamulo, lembani ping -c 4 1.1.1.1. Ikayankha, yesani ping -c 4 ubuntu.com. Yoyamba ikayenda yachiwiri n'kukana, ndiye kuti vuto ndi DNS ya panyumba panu, imene imasandutsa mayina a masamba kukhala maadiresi a manambala, VPN sinafikidwe n'komwe. Amene mumagawira laputopu intaneti ya pafoni, onani mtundu wa bandulo imene mwagula. Bandulo ya WhatsApp kapena Facebook yokha sinyamula VPN, chifukwa netiweki imaona kuti data ikupita kwina. Pa Wi-Fi ya m'mashopu akuluakulu, m'mahotela kapena ku OR Tambo, tsekulani kaye tsamba lililonse muvomereze malamulo awo, apo ayi chipata chimakhala chotseka.

Intaneti ikakhala ilipo, pitani ku log. Mu terminal lembani journalctl -u NetworkManager -f, muisiye yotsekula, kenako dinani VPN ija kuti ilumikize uku mukuyang'ana mizere ikutsika. Ngati VPN yanu ndi ya mtundu wa OpenVPN ndipo muli ndi fayilo yake ya .ovpn, njira yoposa pamenepo ndi kuilambalala NetworkManager, pulogalamu yoyendetsa netiweki pa Linux, n'kulemba sudo openvpn --config ofesi.ovpn --verb 4, kuika dzina lenileni la fayilo yanu m'malo mwa ofesi. Ikalumikiza mu terminal koma n'kukana pa batani, mwadziwiratu kuti seva ndi pasiwedi zili bwino, cholakwika ndi mmene fayilo inalowetsedwera mu NetworkManager, kapena pulogalamu ya network-manager-openvpn-gnome palibe. Mayeso amodzi omwewa achotsa kale theka la zokayikira.

Mukaona AUTH_FAILED, musadandaule kwambiri, chifukwa ndiye kuti mwafika pakhomo pa seva ndipo yakuyankhani kuti sikukudziwani. Pasiwedi yasintha kuntchito pamene kompyuta inasunga yakale, kapena akaunti yatsekedwa, kapena nambala yotsimikizira imene imabwera pafoni polowa yalowa mochedwa. Apa kusintha MTU (malire a kukula kwa kaphukusi ka data) kapena kuzimitsa firewall (mlonda wa netiweki pa kompyuta) n'kungotaya nthawi. Mukaona "TLS key negotiation failed to occur within 60 seconds", nkhani ndi ina: kompyuta yagogoda kwa mphindi yathunthu popanda woyankha. OpenVPN mwachizolowezi imayenda pa njira yotumizira data ya UDP, pa port (khomo la pa seva) 1194, ndipo ma Wi-Fi ambiri a m'maofesi, m'masukulu ndi m'malo ogona alendo amatseka njira imeneyo. Kuyesa kwake n'kosavuta. Chokani pa Wi-Fi, lumikizani kudzera pafoni. Ikayenda, mwampeza wolakwa, ndipo chofunika n'kupempha woyang'anira seva akupatseni fayilo ya TCP pa port 443, imene kawirikawiri satseka chifukwa ndi yomwe masamba a https amadutsira. Musangosintha nokha mzere wa proto ndi port m'fayilo, chifukwa seva ngati sikumvetsera pamenepo mudzagogoda pakhoma. Ikakana konse konse, pa Ubuntu kapena Mint lembani sudo ufw status muone firewall, mwina pulogalamu ina ya VPN imene munaichotsa kalekale inasiya malamulo ake otsekera kunja.

Tsopano wotchi. Iyi ndi imene imazunza anthu kwambiri chifukwa palibe amaiganizira. Satifiketi iliyonse, chiphaso chimene kompyuta ndi seva zimadziwirana nacho, ili ndi tsiku loyambira ndi tsiku lothera, ndipo kompyuta imayerekeza masiku amenewo ndi wotchi yake. Ma laputopu ambiri amene timagula ogwiritsidwa kale ntchito amakhala ndi kabatire ka pa bolodi kotheratu, kawirikawiri ka CR2032. Batire lalikulu likatha magetsi atathima, makinawo amadzuka akuganiza kuti tili zaka zingapo m'mbuyo, ndipo log imati "certificate is not yet valid". Amene muli ndi Windows ndi Linux pa kompyuta imodzi muli ndi vuto lanu lapadera: Windows imasunga nthawi ya kwanuko pa wotchi ya bolodi, Linux imasunga UTC, nthawi ya dziko lonse lapansi, ndipo popeza South Africa ili maola 2 patsogolo pa UTC, mukamasinthasintha wotchi imasokonekera ndi maola awiri ndendende. Malawi nayo ili pa maola 2 omwewo, choncho amene mwabwera ndi laputopu kuchokera ku Blantyre kapena ku Mzuzu musamanamizire ulendo. Maola awiri sangagwetse satifiketi yakale, koma amagwetsa imene yangopangidwa lero, ndipo manambala otsimikizira aja amene amasintha pa masekondi 30 aliwonse, ngati akupangidwira pa kompyuta yomweyo, salola ngakhale kuphonya kwa mphindi zochepa. Lembani timedatectl, muone ngati mzere wa "System clock synchronized" ukuti yes. Ngati ukuti no, lembani sudo timedatectl set-ntp true mudikire pang'ono. Wotchi ikakhala yolondola koma log ikuti satifiketi yatha, tsimikizani ndi openssl x509 -in client.crt -noout -dates, kuika dzina la fayilo ya satifiketi yanu m'malo mwa client.crt. Ngati yathadi, palibe chimene mungachite kumbali yanu, pemphani yatsopano.

Pali gulu lina limene limati VPN inkayenda bwinobwino mpaka tsiku limene anakweza Ubuntu. Awa akunena zoona. Ubuntu 22.04 inabwera ndi OpenSSL 3.0, ndipo 24.04 inabwera ndi OpenVPN 2.6, imene inatuluka mu 2023. Mapulogalamu atsopanowa amakana njira zakale zobisira uthenga. Mu log mumaona "ca md too weak", kutanthauza kuti satifiketi inasainidwa ndi njira yofooka ngati MD5 kapena SHA1, kapena mumaona "failed to negotiate cipher with server". Chachiwirichi chimakonzeka mosavuta, chifukwa log imatchula cipher, njira yobisira uthenga, imene seva ikufuna, mwachitsanzo AES-256-CBC, ndipo mumangoiwonjezera pa mzere wa data-ciphers m'fayilo yanu. Choyambacho ndi chimene ndimatsutsana nacho ndi alangizi ambiri. Amakuuzani kuti muike SECLEVEL=0 kuti kompyuta isiye kufunsa. Imalumikizadi, koma mwachotsa mlonda pageti kuti mlendo wopanda chiphaso alowe. Ngati ntchito ili pamoto, chitani tsiku limodzi, m'fayilo ya VPN yokhayo osati pa kompyuta yonse, kenako uzani mwini seva apange masatifiketi atsopano. Matendawo ali ku seva, Linux yangowaulula.

WireGuard, mtundu wina wa VPN, ndi nyama ina. Inalowa mu kernel ya Linux 5.6 mu 2020, ndi yopepuka komanso yachangu, koma ndi yosalankhula. Inapangidwa dala kuti isamayankhe aliyense amene sikumudziwa, choncho kiyi akalakwika simuona uthenga uliwonse, ndipo wg-quick up wg0 imatha bwinobwino ngati zonse zili m'malo. Choonadi chili pa sudo wg show. Ngati palibe mzere wa "latest handshake", ndipo pa transfer pakuoneka kuti mwatumiza koma mwalandira 0 B, simunalumikize. Onani Endpoint ndi port yake, kawirikawiri 51820, onani ngati PublicKey ili m'fayilo yanu ndi ya seva osati yanu yomwe, ndipo onani wotchi, chifukwa ikabwerera m'mbuyo seva imaganiza kuti wina akubwereza moni wakale n'kukhala chete. Musagwiritse ntchito fayilo imodzi pafoni ndi pa laputopu nthawi imodzi. Seva imatsatira amene walankhula komaliza, ndiye ziwirizi zimangolandana mzere. Ikamafa mukangoisiya mphindi zochepa, makamaka pa LTE, ikani PersistentKeepalive = 25. Ndipo wg-quick ikati "resolvconf: command not found", ndi mzere wa DNS umene ukusowa pulogalamu yake, ikani openresolv.

Chopweteka kwambiri ndi pamene VPN yalumikiza, log yati "Initialization Sequence Completed", koma palibe chikutsekuka. Apa oganiziridwa ndi atatu. DNS ndi woyamba: ngati adiresi ya manambala ya seva ya kuntchito ikuyankha ping koma dzina lake ayi, lembani resolvectl status muone ngati tun0 kapena wg0, dzina la mzere wa VPN pa kompyuta yanu, yapatsidwa DNS ya kuntchito. Wachiwiri ndi njira. Lembani ip route get kutsatiza adiresi imene mukufuna kufikira, ndipo yankho likuuzani ngati data ikutulukira ku tun0 kapena ikungopita ku Wi-Fi ya panyumba. Marauta ambiri a m'nyumba amagawa maadiresi a 192.168.0 kapena 192.168.1, ena a LTE 192.168.8, ndipo maofesi ang'onoang'ono amagwiritsa ntchito omwewo. Zikafanana, kompyuta imaganiza kuti seva ya kuntchito ili m'chipinda chochezera n'kumaifunafuna momwemo. Mankhwala ake n'kusintha maadiresi a rauta ya panyumba, mwachitsanzo kupita ku 192.168.77. Amene mumagona m'nyumba zolipira za ku Yeoville kapena ku Rosettenville, kumene rauta ndi ya eni nyumba ndipo simungaikhudze, gawirani intaneti ya pafoni pa nthawi ya ntchitoyo. Docker nayo imatenga 172.17 ndipo imasokoneza chimodzimodzi.

Wachitatu ndi MTU, ndipo zizindikiro zake n'zodabwitsa. Ping ikuyenda, SSH ikulowa, koma tsamba lalikulu limangozungulira, kapena terminal imauma mukangolamula chinthu chotulutsa mizere yambiri. Data imayenda m'timaphukusi, ndipo kaphukusi kamodzi pa netiweki wamba sikapitirira ma byte 1500. Faiba yolumikiza kudzera pa PPPoE imadya 8, kutsala 1492. WireGuard imawonjezera chikuto chake cha ma byte 60 pa IPv4 kapena 80 pa IPv6, ndipo n'chifukwa chake imayambira pa 1420, kuganizira msewu wa 1500. Pa msewu wopapatiza timaphukusi tating'ono timadutsa, tatikulu timakakamira. Yezani VPN ili yozimitsa: ping -M do -s 1472 1.1.1.1. Nambala 1472 kuphatikiza 28 ya mitu ikwana 1500. Ikakana, tsitsani ku 1464, kenako 1400, mpaka idutse. Pa nambala imene yadutsa onjezani 28, chotsani 80, ndipo yotsalayo ndiyo MTU ya WireGuard yanu; pa PPPoE imakhala 1412. Wopanda nthawi yowerengera angoika MTU = 1280, liwiro limatsika pang'ono koma imadutsa pafupifupi paliponse. Pa OpenVPN yoyenda pa UDP yesani mssfix 1300.

Achimwene amene mukufuna kuika seva yanuyanu, kaya m'nyumba kuno kapena kumudzi kuti muzionera makamera, onani kaye adiresi ya WAN pa rauta. Ikakhala pakati pa 100.64 ndi 100.127, kapena nthawi zambiri ikayamba ndi 10, muli kuseri kwa CGNAT, kutanthauza kuti kampani ya netiweki yakugawirani adiresi imodzi ndi anthu ena ambiri. Pa ma SIM izi n'zofala. Mutha kutsekula ma port pa rauta usiku wonse, wogogoda kuchokera kunja safika. Pamafunika adiresi yapoyera kuchokera kwa okupatsani intaneti, kapena kaseva kobwereka kamene mbali zonse ziwiri zizilumikizako.

Za VPN ya mtundu wa L2TP ndinene mwachidule: imafuna network-manager-l2tp, imayenda pa UDP 500 ndi 4500, ndipo pa Ubuntu nthawi zina xl2tpd imakhala itagwira kale port 1701, ndiye lembani sudo systemctl stop xl2tpd muyesenso. Pa Fedora ikani masatifiketi mufoda ya .cert ya mu home yanu, apo ayi SELinux, mlonda wa mafayilo wa Fedora, imakana kuti awerengedwe. VPN ya mtundu wa PPTP musalimbane nayo, chitetezo chake chinathyoledwa kale.

Mukafika popempha thandizo, kaya kwa a IT a kuntchito kapena m'gulu la WhatsApp, musangolemba kuti "VPN sikugwira". Nenani mtundu wa Linux ndi nambala yake, nenani ngati ndi OpenVPN kapena WireGuard, nenani ngati mwayesa pa Wi-Fi ndi pafoni pomwe, ndipo ikani mizere 20 yomaliza ya log. Fayilo yonse ya .ovpn kapena wg0.conf musatumize m'gulu. Chotsani kaye mzere wa PrivateKey ndi wa PresharedKey, komanso chigawo chonse choyambira pa BEGIN PRIVATE KEY kukafika pa END PRIVATE KEY. Ngati munatumiza kale osachotsa, uzani woyang'anira seva lero lomwe athetse kiyi ameneyo akupangireni wina.