Bra iziyezedwa pa bere lalikululo, laling'ono tiona pambuyo

Abambo mungodutsa, lero ndikulankhula ndi amayi anzanga a kuno ku Joni. Nkhani yake ndi ya bra, makamaka kwa ife amene mabere athu ndi osafanana.

Ine la kumanzere ndi lalikulu kuposa la kumanja. Zinayamba ndili mtsikana, moti azakhali ankandiyang'ana ndi diso lokayikira, ati pali mnyamata amene akundigwiragwira. Bodza lenileni. Amayi ambiri mabere awo amasiyana ndithu, kungoti ena pang'ono, ena mooneka. Kwa ine zinanyanya nditabereka mwana wachiwiri, yemwe ankangofuna la kumanzere, la kumanja akalawa pang'ono n'kutembenuza mutu. Bere loyamwidwa kwambiri ndi limene limapanga mkaka wambiri, ndiye limakula. Mwana anasiya kuyamwa, koma langa silinabwerere mwakale.

Kwa zaka zambiri ndinkagula bra yokwana bere laling'onolo, maganizo anga ati ikalifinya lalikulu lija zifanana. Sizifanana amayi. Lofinyidwalo limatulukira pamwamba ndi kukhwapa, ukavala bulauzi n'kumaoneka ngati uli ndi mabere atatu. Madzulo ukavula upeza waya wakulemba mzere ngati wakwapulidwa. Nditatopa nazo ndinagula yokulirapo n'kumapinda kampango kuika mbali yaing'onoyo. Tsiku lina ndikutsika takisi pa Bree, ndinawerama kunyamula chikwama, kampango kaja kanatulukira pakhosi pa diresi n'kugwera pamapazi pa bambo wina. Bamboyo anakatola mwaulemu n'kundipatsa, kali kofunda. Ndinalakalaka nthaka itang'ambika.

Amene ananditsegula maso ndi mayi wina wogulitsa m'sitolo ya zovala, wachikulire ndithu, tepi yoyezera ili m'khosi ngati telala. Ndinamuuza kuti ndikufuna 38B. Anandiyang'ana n'kupukusa mutu, ati sisi tiyeni kaye mkati. Anayeza kunsi kwa mabere, kenako pamwamba podutsa pansonga, ndipo anandibweretsera 36D. Ndinakana, ndinati ine D ayi, imeneyo ndi ya anthu a chifuwa chachikulu. Apo ndi pamene anandifotokozera kuti nambala ija ndi ya lamba wozungulira thupi, chilembo ndi cha kapu, ndipo chilembocho sichiyenda chokha. Kapu ya 38B ndi yofanana kukula ndi ya 36C komanso 34D, chimene chasintha ndi lamba basi. Ndiye ine ndinkavala lamba wokhwepa ndi kapu yochepa, zolakwika ziwiri pa bra imodzi.

Chimene ndinagwira tsiku limenelo, ndipo ndi chimene ndalembera zonsezi, n'chakuti kapu iyenera kukwana bere lalikululo. Lilowe lonse, waya akhale kumbuyo kwa bere osati pamwamba pake, kansalu kapakati kaja kagone pachifuwa. Mbali yaing'ono ikatsala ndi mpata, kudzaza mpata n'kosavuta, koma bere simungalichepetse. Ine ndimafupikitsa chingwe cha paphewa cha mbali imeneyo pang'ono, n'kulowetsa kasiponji kaja kamabwera m'ma bra ochitira masewera. Ma bra ena amakhala kale ndi kathumba mkati kolowetsamo siponji, ungochotsa mbali imodzi n'kusiya inayo. Anga amene analibe ndinapita nawo kwa telala wina wa kwathu ku Mayfair, anandisokera timatumba, ndipo sanafunse zambiri, Mulungu amudalitse. Kapu ya lesi yotamuka nayo ndi yabwino, imatsata bere mmene lilili, pamene ija youma yoima yokha ngati mbale imasiya dzenje ukawerama.

Chinanso, wonyamula katundu ndi lamba, osati zingwe za m'mapewa. Ngati lamba akukwera kumsana, ndi wamkulu. Ngati mapewa akuchita mikwingwirima, zingwezo zikugwira ntchito ya lamba. Bra yatsopano muzikola pa ngowe yakumapeto, yokhwepa kwambiri, kuti ikamatamuka muzisunthira mkati. Ife ogwira ntchito m'nyumba za anthu, tsiku lonse kuwerama, kukolopa, kunyamula mwana, izi si zodzikongoletsa ayi, ndi msana.

Apa ena mundikwiyira. Ku dunusa, msika wa kaunjika uja wa pa msewu wa De Villiers, ndimagulako madiresi, majekete, ngakhale makatani, sindinganyozeko. Koma bra ayi. Lamba wake anatha kale mphamvu pathupi la munthu wina, komanso pamsewu paja muyesera pati? Mumangoikulunga m'chiuno kapena kuiika pachifuwa pamwamba pa juzi, n'kulipira. Wa mabere ofanana mwina mwayi ungamugwere. Ife ayi. Bola ziwiri zoyesa m'kachipinda kusiyana ndi zisanu ndi imodzi zogula ndi maso, zomwe zinayi zikagona m'sutikesi. Ndipo musanalipire funsani ngati amalola kubweza, poti ndi chovala chamkati.

Zomwezonso potumiza kumudzi. Timalongedza ma bra m'katoni kupatsira transporter, saizi yongolota, ati achemwali ndi onenepa ngati ine. Kumeneko amavala choncho poopa kuoneka osayamika. Auzeni abwereke tepi kwa telala, ayeze kunsi ndi pamwamba, atumize manambala pa WhatsApp. Muwafunsenso, monong'ona, ngati lina ndi lalikulu.

Koma pali kusiyana kwina kumene siponji siyenera kubisa. Ngati mabere anu akhala osafanana kuyambira kale, kapena kuchokera pa kuyamwitsa, palibe chodetsa nkhawa. Zikasintha mwadzidzidzi ndi nkhani ina. Bere limodzi kuyamba kukula kapena kuuma lokha, chotupa mkati kapena kukhwapa, nsonga kulowa mkati pamene kale inali bwino, khungu kuchita timaenje ngati khoko la lalanje, kutuluka magazi kapena madzi musakuyamwitsa, zimenezo pitani nazo kukiliniki msanga, ngakhale sizikupweteka. Khansa ya m'mabere nthawi zambiri imayamba osapweteka. Kuno ku Johannesburg chipatala cha Helen Joseph ku Auckland Park chili ndi kiliniki yoona za mabere.

Loweruka likubwerali ndikuperekeza mlamu wanga kukayezetsa saizi. Wakhala akuvala 40C chifikireni kuno, lamba ali pakati pa mapewa, ndipo akuti sangavule pamaso pa munthu wachilendo. Ndamuuza kuti amayeza uli ndi bra yako yakaleyo, ine ndikaima pakhomo ndi chikwama chake.