Si chakutha chilichonse choyenera kudzalamo maluwa

Mayi atabwera kudzationa kuno ku Area 25 mwezi watha, sanafikire pampando. Anaima pakhonde chikwama chili m'manja, maso ali pa mtondo. Mtondowo ndi wa malemu agogo, amayi awo. Unang'aluka kuchokera kukamwa mpaka pakati, moti ukasinja mphale inkatulukira m'mbali, ndiye unangotayidwa kuseri kwa nkhokwe komwe chiswe chinali chitayamba kale kuulawa. Ine ndinaunyamula pa minibasi, kondakitala n'kuulipiritsa mpando ngati munthu. Ndinaupala, kuupaka vanishi, n'kuukhazika pa njerwa ziwiri kuti chiswe cha m'tauni chisapitirize pomwe chakumudzi chinalekezera. Dothi sindinathire mumtondo mwenimwenimo, chifukwa mtengo ukamanyowa tsiku ndi tsiku umawola. Ndinalowetsamo chitini chobowola pansi, maluwa ali m'chitinimo.

"Iwe, mtondo wa amayi wasanduka dimba?" Ndinangoti eya, mayi. Anakhala chete kanthawi, kenako anati, "Bola anawa asamaukhalire." M'mawa mwake ndinawapeza akuthirira okha ndi kapu.

Ndayamba ndi nkhaniyi kuti musandiyese mdani wa zokongoletsa pakhomo ndi zinthu zakutha. Pakhomo panga zilipo zambiri. Koma pali zina zikundinyansa pa zomwe ndikuona pa Facebook masiku ano, ndipo lero ndinene.

Choyamba ndi kayankhulidwe. Anthu akuika zithunzi za matayala opaka penti ndi mabotolo odulidwa pakati ngati ndi nzeru yomwe yangotsika ndege pa Kamuzu International Airport dzulo. Abale anga, ife tinakula tikuwerengera mayeso pa koloboyi, kachitini kakale, kansanza ndi palafini basi. Abambo athu ankapita kumunda atavala nkhwaira zodula ku tayala. Anyamata ankakhoma galimoto za mawaya zokhala ndi chiwongolero, mpira unali wachikulunga, ndipo mbaula yomwe mukuphikira nyemba lero mmisiri anaikhoma ndi zitsulo zomwe wina anataya. William Kamkwamba wa ku Wimbe ku Kasungu anadziwika dziko lonse chifukwa chopanga makina a magetsi oyendera mphepo ndi njinga yakutha ya bambo ake ndi zitsulo zotola. Kungoti kale zimenezi tinkachita nazo manyazi. Kukabwera alendo olemekezeka koloboyi ankabisidwa kuchipinda, n'kukabwereka nyali yagalasi kwa aneba. Lero zomwezo zapakidwa utoto wachikasu, tayamba kuzitcha luso. Sindikudandaula, koma tisamaiwale amene anatiphunzitsa.

Ndipo ndikumvetsa chifukwa chake zafala m'tauni. Ambirife tili pa lendi. Alandilodi anga anandiuza tsiku loyamba lomwe kuti kapinga wawo asakumbidwe ngakhale ndi supuni. Ndiye munthu utani? Umadzala m'ndowa yodontha, m'beseni losweka, m'thumba la simenti, kuti tsiku lokusamutsa dimba lako likwere nawe lole. Komanso chigwetsereni kwacha ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, miphika yamaluwa ya simenti yomwe amagulitsa m'mbali mwa msewu ija ambiri timangoiyang'ana tili pawindo la minibasi. Mpiru, anyezi wamasamba ndi kambuzi zimakula bwinobwino m'ndowa yakale, ndipo ndiwo zothyola pakhonde zimakoma mwina.

Koma tsopano pali makomo ena ukalowa umachita kusowa popondera. Matayala khumi ndi awiri, mabotolo mazana atapachikidwa kumpanda, nsapato zakutha za banja lonse, chimbudzi chosweka chili pakati pa bwalo muli duwa limodzi lofota. Eni ake amati akukongoletsa. Ine ndimati ndi dzala lomwe lapakidwa penti. Chinthu chakutha chimakongola chikakhala chokha pamalo pake, diso n'kumachiona. Mtondo wa agogo ukanakhala pakati pa zigubu makumi awiri, mayi sakanauzindikira n'komwe. Kwa ine chinthu chimatsala pakhomo ngati chikugwira ntchito, kapena ngati mwana atandifunsa kuti ichi n'chiyani ndili ndi nkhani yomuuza. Simbi yamakala yomwe bambo ankasitira yunifolomu yathu ili pa shelefu pabalaza, ndipo ana anga sakhulupirira kuti tinkaikupiza panja kuti makala ayake. Miyendo ya makina osokera a Singer ndinaikapo thabwa, ndi tebulo la wailesi. Zina zonse ndimawapatsa anyamata ogula zitsulo aja akamadutsa akukuwa mumsewu, nawonso apezepo ya sopo.

Za matayala ndiyankhule ngati wolakwa, chifukwa ndinalakwadi. Chaka choyamba ndinatenga matayala asanu ndi limodzi kwa okonza matayala, anayi ndinadzalamo, awiri ndinawaimika kuseri kwa nyumba kuti ndidzawapake penti ndikapeza nthawi. Nthawiyo sinapezeke. Mvula ya Januwale itagwa, udzudzu unachuluka pakhomo moti madzulo sitinkakhalanso pakhonde, ine n'kumanena ngalande ya aneba. Tsiku lina mwana wanga wamng'ono anandiitana kuti ndidzaone "tinsomba" m'tayala. Nditasuzumira ndinapeza madzi akuda ali nyekhunyekhu timphutsi ta udzudzu. Tayala mmene linapangidwira, madzi akalowa m'mimba mwake satuluka ngakhale ulitembenuze chotani, ndipo kukamatentha udzudzu umangofuna sabata imodzi kapena ziwiri kuti dzira lisanduke chouluka. Ndinali ndikuweta ndekha kuseri kwa chipinda chogona ana, m'dziko lomwe malungo timawadziwa tonse.

Chichokereni apo, tayala lililonse ndimayamba ndalidula mlomo wam'mwamba ndi mpeni wakuthwa woviika m'madzi a sopo, n'kubowola mbali yapansi, ndipo dothi limadzaza mpaka m'mimba monse. Ndowa, beseni, chitini, zonse msomali uyambe wadutsa pansi, kenako tizidutswa ta njerwa, kenako dothi losakaniza ndi manyowa ndi kamchenga. Ndinaphunziranso kuti tayala lakuda padzuwa la Okutobala limatentha mpaka kuphika mizu, n'chifukwa chake langa ndimapaka loyera kapena kuliika pamthunzi wa mango. Ndipo m'matayala ndimadzalamo maluwa okha. Zolowa m'kamwa zimapita m'ndowa ndi m'matumba.

Pali zinanso zomwe siziyenera n'komwe kuyandikira khonde, kaya zioneke bwino chotani. Chigubu chomwe munali mankhwala opopera mbewu kapena ophera tizilombo, ngakhale mutachitsuka kasanu, musadzalemo ndiwo, musatungiremo madzi. Batire yakutha yagalimoto muli mtovu ndi asidi, koma ndinaonapo wina ataidula pamwamba n'kudzalamo maluwa pomwe ana amasewerera. Magalasi osweka ozungulira bedi la maluwa nawonso, mwana wopanda nsapato sawaona.

Anzanga ena amati akamadzala m'mabotolo apulasitiki ndiye kuti akupulumutsa chilengedwe. Mtima ndi wabwino, koma tisanamizane. Boma linaletsa mapepala apulasitiki opyapyala osafika mamaikuloni 60 kuchindikala kwake mu 2015, khoti lalikulu la apilo linagwirizana ndi chiletsocho mu 2019, koma pitani mukaone mtsinje wa Lilongwe pafupi ndi msika, kapena Mudi ku Blantyre, mvula yoyamba ikagwa. Mabotolo khumi a pampanda panu sachepetsa mulu wa kudzala la ku Area 38. Komanso botolo likakhalitsa padzuwa limafumbutuka, tizidutswa take n'kulowa m'dothi lomwelo mukudzalamo. Ine mabotolo ndimafeseramo mbewu basi, zikamera ndimawokera kwina. Nkhani ya pulasitiki ndi ya mafakitale, makhonsolo ndi malamulo, isatsekedwe pakamwa ndi maluwa.

Koma chomwe chimandipweteka kwambiri ndi ichi. Fashoni imeneyi yayamba kulanda zinthu zomwe zikadali ndi moyo. Munthu wa m'tauni amapita kumudzi, waona mtsuko womwe azakhali ake amasungiramo madzi akumwa, ozizira bwino popanda magetsi, akuti "azakhali, uwu ndikaike pabalaza." Azakhali poopa kukhumudwitsa mwana wa m'tauni yemwe wabwera ndi shuga, amangovomera. Iye uko waubowola pansi wadzalamo duwa, azakhali kuno akumwa madzi ofunda a m'chigubu. Lichero lomwe likupeta, mkeka womwe ukuyalidwa, mthiko womwe ukuvundula, si zokongoletsa khoma zimenezo. Ngati mukufuna lichero la pakhoma, oluka malichero ali pamsika uliwonse, kaguleni latsopano, mmisiri adye. Mtondo wa agogo ndinautenga chifukwa unali utasiya kusinja zaka zambiri, ndipo ndinayamba ndapempha kwa amalume.

Ineyo amene ndikulalikira pano ndinagwidwa nazo sabata yomweyo mayi anadzationa. Ndinali nditaika pambali ketulo yathu yakale ya aluminiyamu, yomwe inayamba kudontha pafupi ndi mlomo. Penti wobiriwira ndinali nditagula kale, malo ake pakhonde nditasankha. Mayi akulongedza katundu wobwerera anaiona, anaitembenuza, anaiyang'anitsa padzuwa kufuna pomwe pakulowa kuwala.

"Kabowo kamodzi komweka? Ana inu ndalama zikukusowetsani mtendere."

Anaikulunga m'chitenje n'kuiponya m'chikwama osandifunsa. Lachiwiri anaimba foni. Akuti mmisiri wa zidebe pamsika wakwathu anaimata kanthawi kochepa, ndipo pomwe ankayankhula nane inali pamoto, tiyi wa anthu obwera kudzathandiza kukonola chimanga. Penti wobiriwira uja ali pawindo, sindinamutsekule.