Ndalama za pafoni: zomwe ndaona ku Tanzania, Zimbabwe ndi Zambia

Ine geni yanga ndi yodumpha boda, sabata ino ndili ku Songwe pa boda ya Tanzania sabata ya mawa ku Mwami pa boda ya Zambia, ndiye zandalama za pafonizi ndaonako ndithu. Ndipo kusiyana kwathu ndi anzathuwa sikuli pa ma app ayi, ambiri tikungodina star ndi hash pa kafoni ka mabatani komweko, kuno *211# kapena *444#, ku Tanzania *150*00#. Nkhani ili apa: ndalama ikalowa mufoni imagonamo, kapena mwini wake amathamangira kwa ejenti nthawi yomweyo?

Kwathu kuno Airtel Money inayamba 2012, Mpamba 2013, koma mpaka lero ukamutumizira munthu mawu oyamba ndi akuti "muonjezere yotapira." Foni yangokhala minibasi, ndalama imakwera kuti ikatsike pa depoti. Mayi wa tomato ku Lizulu akufuna cash chifukwa wakabaza amene wamunyamulira dengu akufunanso cash, wachigayo chimodzimodzi, ndiye aliyense akutapa, aliyense akudulidwa, kenako ufike pa ejenti akuuze kuti float yatha mudikire wina adzaike kaye. Sindikuwanena amayiwo, phindu la pa mulu wa tomato ndi lochepa kwambiri moti yotapira yokhayo imatha kulimeza.

Ku Tanzania ndi komwe ndinachita nako kaduka. Vodacom inayambitsa M-Pesa kumeneko 2008, patangotha chaka Safaricom itayamba ku Kenya, ndipo pofika 2014 makampani anayamba kugwirizana kuti munthu azitumiza ku netiweki ina molunjika. Ku msika wa Kariakoo ku Dar es Salaam ukaoda zitenje umangoona kachikwangwani ka Lipa Namba (nambala yolipirira pafoni) pakhoma, walipira, mwini shopu nayenso alipira amene anamuodetsa, ndalama ikuzungulira osatuluka mufoni. Koma nawonso anadziponda okha, mu July 2021 boma linaika msonkho umene iwo amati tozo, anthu anakwiya kwabasi nkuyamba kubwerera ku cash mpaka boma linautsitsa. Ifenso 2019 a Mwanamvekha anabwera ndi msonkho wawo wa 1 peresenti pa ndalama za pafoni mu bajeti, anthu anakuwa, anauchotsa usanayambe.

Zimbabwe ndiye phunziro lina. Anthu amakonda kunena kuti taonani ku Harare ngakhale tomato wa ku Mbare amagula ndi EcoCash, atiposa. Zoona, EcoCash ya Econet inayamba 2011 ndipo inafika paliponse, koma chinaikankha ndi mavuto, kuyambira cha mu 2016 ndalama zamapepala zinasowa, anthu ankagona pamzere ku banki. Ndiye katundu mmodzi mitengo iwiri, wa cash wotsika wa EcoCash wokwera, ena mpaka kumagulitsa cash yeniyeniyo ngati chimanga. Nduna yawo ya zachuma Mthuli Ncube anaikapo msonkho wa 2 peresenti mu 2018, 2020 boma linatseka malaini a ma ejenti ponena kuti ndi amene akukweza reti ya pamsewu. Masiku ano wogulitsa ukamufunsa amasankha dola yaku America m'manja, ngakhale yong'ambika ngati sanza. Foni siingachiritse ndalama imene anthu asiya kuikhulupirira.

Ku Chipata chimene chimandisangalatsa ndi timabuthu, tachikasu ta MTN tofiira ta Airtel, tandandalika mumsewu ngati mabenchi a kaunjika. Achinyamata ambiri apezerapo ganyu, ngakhale nthawi zina umadabwa kuti mabuthu khumi pamalo amodzi onsewa akudya chani. Koma kuchuluka kwa mabuthuko kukukuuzanso kuti nawo ndi otapatapa ngati ife, ndipo kuyambira 2024 ali ndi levy yawo. Ku Tete kuli M-Pesa, e-Mola ndi mKesh, ine ndimangodutsako popita ku Nyamapanda, chimene chimandivuta kumeneko ndi mameseji a Chipwitikizi basi.

Pa boda penipeni ndiye tonse timafanana, foni imalowa m'thumba, timasintha ndalama kwa anyamata onyamula mipukutu aja chifukwa reti yovomerezeka ndi ya pamsewu sizimayankhulana.

Mchimwene wanga ali ku Joni amatumiza pa Mukuru, ndalama imalowa mufoni ya mayi bwinobwino mphindi zochepa. Tsiku lomwelo mayi amakwera kabaza kupita ku trading kukatapa yonse, chifukwa Lachinayi kuli banki m'khonde ndipo kumeneko ndalama amawerengera pamphasa aliyense akuona. Ndinawafunsa kuti bwanji gulu osangotsegula nambala imodzi, anandiyankha kuti bokosi lawo lili ndi maloko atatu, makiyi amasunga anthu atatu osiyana, nanga PIN angaigawe bwanji patatu.