Chenjezo kwa olowa m'malo: dzina la pa imelo silisintha lokha

Sabata yathayi ndamva nkhani yondipsetsa mtima. Bungwe lina linatumiza imelo yopempha zopereka, ndipo pamwamba pa kalatayo panaoneka dzina la msungichuma wawo amene anamwalira chaka chatha. Abale a malemuwo nawonso anailandira. Kodi akuluakulu inu, manyazi munawasiya kuti?

Amene analowa m'malo mwa malemuwo anangosintha pasiwedi n'kuona ngati ntchito yatha, chonsecho dzina limene olandira kalata amaona limasungidwa pena. Pa Gmail limapezeka mu Settings, pansi pa Accounts and Import, pamene palembedwa Send mail as, ndipo ngati mwini wakale analilemba yekha pamenepo, silisuntha ngakhale musinthe dzina la akaunti yonse ya Google. Pulogalamu ya imelo ya Outlook kapena Thunderbird ya pa kompyuta ya mu ofesi ilinso ndi malo akeake a dzina, pamene m'makampani ogwiritsa ntchito imelo ya Microsoft 365 kawirikawiri amalisintha ndi woyang'anira makompyuta, amene ambiri a inu simumuuza n'komwe kuti munthu wachoka.

Nanga siginecha ya kumapeto kwa kalata, ya nambala ya foni ya munthu amene munamuchotsa ntchito, ikudikira chiyani? Nanga nambala yobwezeretsera akaunti mwaisiyiranji m'manja mwake? Mukufuna adzalowemo usiku, alembere makasitomala anu kuti ndalama azitumiza kwina, ndiye mudzadzidzimuke? Ndipo ngakhale mutakonza zonsezi, amene anasunga adiresiyo m'foni mwawo ndi dzina lakale akhoza kumaonabe dzina lomwelo, choncho muyenera kuwalembera kuti akonze.

Inunso olandira makalata simukupulumuka. Munthu aliyense akhoza kulemba dzina la abusa, la bwana kapena la banki pamalo amenewo, chifukwa njira zotetezera imelo monga SPF, DKIM ndi DMARC zimayang'ana komwe kalata yachokera, osati dzina lolembedwa pamwamba. Foni imaonetsa dzina lokha n'kubisa adiresi mpaka mutadina padzinapo, koma inu mumathamangira kutumiza ndalama musanadine. Chala chanu chalemera motani?

Tsegulani akauntiyo lero lomwe, mutumize kalata ku adiresi ina, muone dzina limene likutuluka. Ndinu anthu akuluakulu, lekani chibwana.