Seiko 5 ndi Grand Seiko: Chifukwa Chimene Ndimalemekezera Kampani Imeneyi

Anthu okonda mawotchi amathamangira kutchula Rolex kapena Patek Philippe, koma ine mtima wanga uli pa Seiko, kampani ya ku Japan imene inayamba ngati kasitolo kogulitsa ndi kukonza mawotchi kamene Kintaro Hattori anatsegula mumzinda wa Tokyo mu 1881. Chimene chimandikoka n'chakuti kampaniyi imalemekeza munthu wa ndalama zochepa monga mmene imalemekezera wolemera.

Taganizirani za Seiko 5, imene inatuluka mu 1963. Siifuna batire, imadzitchera yokha dzanja likamagwedezeka, imaonetsa tsiku ndi deti, ndipo ikadwala, mmisiri wodziwa ntchito yake amaitsegula n'kuiukitsa. N'zoona kuti imataya kapena kuwonjezera masekondi angapo pa tsiku, koma pa mtengo wake sindikuona chodandaula.

Kumtunda kuli Grand Seiko, wotchi yodula ya kampaniyi, imene inayamba mu 1960 n'kudzaima payokha mu 2017. Apa m'pamene luso limafika pachimake. Makina a Spring Drive, amene katswiri Yoshikazu Akahane anayamba kuwaganizira mu 1977 ndipo anafika pamsika mu 1999, amatenga mphamvu ku sipuling'i monga wotchi yakale, koma liwiro lake limawongoleredwa ndi kwatsi, kamwala kamene kamanjenjemera mosasinthasintha magetsi akamadutsamo, moti salakwitsa kupitirira sekondi imodzi pa tsiku. Muvi wa masekondi sudumpha ayi, umangoyenda mosalala ngati madzi a mumtsinje wodekha. Pa wotchi yotchuka ya Snowflake, imene imapangidwa ku Shiojiri m'chigawo cha Nagano, nkhope yake yoyera inajambulidwa motengera chipale chofewa cha m'mapiri a kumeneko, ndipo thupi lake amalipukuta pamanja mwa njira yotchedwa Zaratsu mpaka liwale popanda kupotoza chithunzi.

Ena amati n'zovuta kulipira ndalama zambiri pa dzina limene limapezekanso pa wotchi yotsika mtengo. Maganizo amenewa sindigwirizana nawo ngakhale pang'ono, chifukwa amayesa wotchi poona amene sangathe kuigula, m'malo moyang'ana ntchito imene ili m'kati mwake. Kampani imene inatulutsa Astron pa 25 Disembala 1969, wotchi yoyamba ya kwatsi yovala pamkono kugulitsidwa pamsika, n'kugwedeza makampani a ku Switzerland, siifunika kubisa mawotchi ake otchipa kuti akatswiri aiwerengere.