Damu ndi lanu, koma ogona kumunsi kwake ndife

Sabata yatha ndinali kumudzi kokazonda mayi, ndiye Lachinayi m'mawa ndinakwera kumtunda kwa dambo lathu kukaona damu lomwe lili kumeneko. Si la boma ayi, ndi la munthu. Bambo wina wochita bwino analimanga pamalo pake zaka zingapo zapitazo. Anabweretsa thalakitala, anaunjika dothi kutseka khwawa, mvula itagwa madzi anadzaza.

Ndisananene chomwe chandipweteka, ndiyambe ndi kuwathokoza bambowa, chifukwa damu lawo latithandiza. Mukukumbukira chaka cha 2024, El Niño atatiuma pakhosi mpaka boma kulengeza m'mwezi wa March kuti maboma 23 mwa 28 ali pa ngozi. Kwathu chimanga chinapserera chikungoyamba kumasula. Chaka chimenecho amene anadya bwinoko ndi amene anali ndi dimba kumunsi kwa damuli. Madzi osungidwa kuseri kwa khoma amalowa pansi pang'onopang'ono, ndiye dambo limakhala lonyowa mpaka October, zitsime za m'madimba siziphwa msanga. Amayi anadzala mpiru, tomato, anyezi ndi chimanga chachiwiri. Ng'ombe za m'midzi itatu zinkamwa pomwepo. Mwini wake anaikamo makumba ndi chilunguni, anyamata anapeza ganyu. Dziko lathu mvula imagwa miyezi inayi kapena isanu basi, madzi onse n'kuthamangira kumitsinje ife tikungoyang'ana, kenako miyezi yotsalayo tikulira ludzu. Munthu amene wagwira ena mwa madzi amenewa wachita chinthu chanzeru, ndipo ndikanakonda madamu otere akanachuluka.

Koma zimene ndinaona pakhomapo zandisowetsa tulo.

Pamwamba pa khoma pamera bulugamu, wina wakula kale moti mungathe kuchekapo mapulanga. Chapakati pali chulu chachikulu ndithu, chiswe chili pikitipikiti. Ng'ombe zapanga njira yawo yotsikira kumadzi, ndipo pamene zimadutsapo khoma ladyeka, latsika kuposa pena ponse. Chomwe chinandiimitsa mutu kwambiri ndi ngalande ya pambali ija, yotayira madzi damu likadzadza. Aitseka ndi matumba a mchenga. Mlonda anandiuza kuti bwana anati madzi asamatayike, azikwera kuti afike nawo m'chilimwe.

Ndikumvetsa chifukwa chake. Munthu waika ndalama zake, kuona madzi akutayika mu February zimamuwawa akaganiza za October. Koma ngalande imeneyi ndiyo moyo wa damu la dothi. Khoma la simenti madzi akhoza kudutsa pamwamba pake lilo n'kukhalabe chiimire. La dothi silitero. Madzi akangoyamba kudumpha pamwamba, amayamba kukumba kumbuyo kwa khoma, kanjira kakang'ono kamasanduka chigwembe, ndipo pa nthawi yochepa khoma limang'ambika. Madzi onse amene anasonkhana miyezi itatu amatuluka kamodzi. N'chifukwa chake odziwa za madamu amasiya mpata pakati pa pamene madzi amalekezera ndi pamwamba pa khoma. Mpata umenewo si malo ongowonongeka ayi, ndi wodikirira mvula ya usiku umodzi ija imene palibe anaiyembekezera.

Tiyeni tiwerengere limodzi, mwina ena amaona ngati ndi kadziwe chabe. Damu lotambalala hekitala imodzi, lakuya mamita awiri mukafananiza ponseponse, limasunga malita 20 miliyoni. Lita imodzi ya madzi imalemera kilogalamu imodzi. Ndiye kuti kuseri kwa mulu wa dothi uja kwatsamira matani 20,000. Nyumba zathu zambiri kumudzi ndi za zidina, zomangira dothi. Sizingalimbe ngakhale madzi ofika m'chiuno akabwera ndi liwiro.

Njira ina imene madamu a dothi amagumukira ndi yobisika, ndipo ndiyo imandiopsa kwambiri chifukwa imachitika ngakhale kuli dzuwa. Madzi amapeza kanjira mkati mwa khoma, n'kumanyamula dothi pang'onopang'ono mpaka mkatimo mutakhala mphako. Kanjirako amakatsegula ndani? Mizu ya mtengo, makamaka mtengowo ukafa kapena kudulidwa mizu n'kuola. Chiswe. Mafuko ndi nkhanu. Paipi yotulutsira madzi imene sanaitsendere bwino m'mbali. Komanso kamangidwe kothamanga, kongounjika dothi lonse nthawi imodzi m'malo moyala pang'onopang'ono, kunyowetsa ndi kutsendera gawo lililonse, kapena kumanga pamwamba pa udzu ndi zitsa osayamba wachotsa dothi la pamwamba n'kukumba ngalande ya maziko yodzaza ndi dongo. Kunja khoma limaoneka bwinobwino, udzu uli biriwiri, pamene mkati likudyeka.

Chizindikiro chake si chovuta, aliyense akhoza kuchiona. Pitani kutsinde kwa khoma, mbali ya kumunsi. Damu lililonse la dothi limachucha pang'ono, zimenezo zokha sizodabwitsa. Tungani madziwo m'botolo. Akakhala oyera mbee ndipo sakuwonjezereka, pitirizani kuwayang'anira. Akakhala a matope, dziwani kuti matopewo ndi khoma lenilenilo likutuluka. Mukaonanso ming'alu pamwamba, kapena pena patitimira, kapena mbali ina ya khoma yatsetsereka, musadikire mawa.

Kwathu ndinatunga. Madzi anali oyera. Ndinathokoza Mulungu, koma matumba a mchenga aja akadali pomwepo.

Wina anena kuti ndikukokomeza. Funsani anthu a ku Solai, m'dera la Nakuru ku Kenya. Usiku wa pa 9 May 2018, kutagwa mvula yambiri kwa masabata angapo, damu la dothi la pa famu ya munthu, lomwe linkadziwika kuti Patel Dam, linaphulika. Madzi anatsikira m'midzi ya kumunsi anthu ali m'nyumba zawo, ndipo anthu 48 anafa, ena mwa iwo ana. Pambuyo pake akuluakulu oona za madzi m'dzikomo ananena kuti damulo linalibe chilolezo choyenera. Anthu amene anafawo sanamange damu, sanali eni famu. Anangokhala kumunsi. Chaona mnzako chapita.

Ndipo ife a kuno sitikufunika kuuzidwa kuti mvula ya masiku ano siili ngati ya kale. Namondwe wa Freddy mu March 2023 anatisonyeza ku Blantyre, ku Chiradzulu, ku Mulanje ndi ku Phalombe zimene madzi ndi matope angachite usiku umodzi. Akulu anati madzi saiwala khwawa. Khwawa limene mwatseka ndi dothi lija likadali khwawa, ndipo tsiku la mvula yoopsa madzi adzafuna njira yawo. Funso ndi lakuti mwawakonzera podutsa kapena adzadzitsegulira okha.

Apa ndi pamene ndimasiyana maganizo ndi amene amati malo ndi ake, ndalama ndi zake, musiyeni. Khola la nkhumba likagwa, wataya ndi mwini wake. Damu likagwa, mwini wake amataya nsomba ndi ndalama, koma oikidwa m'manda ndi ena. Lamulo lathu la madzi la 2013, Water Resources Act, linakhazikitsa bungwe la National Water Resources Authority, ndipo munthu wofuna kutseka mtsinje kapena kusunga madzi ochuluka amayenera kupeza chilolezo. Ena amaona ngati ndi njira yongodyera anthu ndalama. Ine ndimaona kuti ndi mwayi woti munthu wodziwa abwere aone malowo, ayeze kukula kwa dera lomwe limatsanulira madzi m'khwawamo, anene kuti ngalande yotayira ikhale yotakata bwanji. Woyendetsa thalakitala amadziwa kukankha dothi, koma kuwerengera madzi a mvula si ntchito yake.

Ndiye kwa inu achikulire amene muli ndi madamu, ndikupemphani mwaulemu. Tsegulani ngalande yotayira madzi mvula isanayambe, muchotsemo zinyalala ndi tchire. Pakhoma pakhale udzu wogwira nthaka, osati mitengo. Timitengo tating'ono zulani tisanakule, koma ikuluikulu musangoigwetsa nokha, itanani katswiri akuuzeni mochotsera mizu ndi kutsekera bwino. Ng'ombe zipangireni pomwera pambali. Ngati mukufuna madzi ambiri, chotsani matope amene adzaza m'damumo ndipo tetezani kumtunda ndi vetiva ndi mitengo kuti dothi lisamakokolokeremo, m'malo mokweza madzi ndi matumba. Ndipo chonde anthu a kumunsi muwadziwe. Amfumu akhale ndi nambala yanu, mlonda akhale ndi foni ya mayunitsi ndi wezulo, anthu adziwiretu kothawira madzi akafika poopsa usiku.

Ifenso a kumunsi tili ndi mbali yathu. Tisamalime mpaka kutsinde kwa khoma, tisamakumbepo dothi loumbira njerwa, ndipo ana tisamawalole kukasambira okha. Madamu otere amazama modzidzimutsa pafupi ndi khoma, komanso madzi odikha ndiwo amasunga nkhono za likodzo.

Ndisanabwerere kutauni ndinakakhala pansi ndi a nyakwawa n'kuwafotokozera zonsezi. Anamvetsa, koma anati anthu akuopa kulankhula chifukwa bamboyo akakwiya akhoza kuletsa ng'ombe kumwa ndiponso kuchotsa ana awo ganyu. Mantha amenewo ndikuwamva, si opanda pake. Tagwirizana kuti Loweruka likudzali ndibwererenso, tipite limodzi ndi a nyakwawa ndi alangizi a zaulimi kukaonana nawo mwamtendere. Tikayamba ndi kuthokoza chifukwa cha madzi a 2024, kenako tikapempha chinthu chimodzi choyamba, kuti matumba aja achoke chizimalupsa chisanagwe. Nyumba ya mayi anga ndi yachitatu kuchokera kukhwawa, ndipo miyendo yawo siiwalolanso kuthamanga.